Chipewa Changa ndi Jombo za Zakeyu

Aphungu,

Ine wolemba kalata ino, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pa esiteti ya tiyi ya Nakalembo kuno ku Thyolo, mlembi wa timu ya mpira ya pa esiteti yomweyi, munthu amene ndinatha zaka zitatu ku koleji ya Fort Hare ndikudya mabuku ngati chiswe, ndikutula pamaso panu dandaulo la imfa ya chipewa changa. Chinali chotuwa, cha lamba wakuda, ndipo ndinachigula ku East London m'chaka cha 1951. Chinatisiya Loweruka lapitali cha m'ma folo koloko, pabwalo la mpira, anthu mazana asanu akuona. Ochipha ndi atatu: kampani ya Polishi wa Mphezi, nyuzipepala yanu yomwe ino, ndi mpira wa masiku ano umene wasanduka sitolo.

Mpaka chaka chatha mpira kuno unali mpira. Anyamata ankatula madengu a tiyi pasikelo, n'kutsuka m'miyendo, n'kulowa m'bwalo opanda nsapato. Woonera ankakwera pachulu kapena mu bulugamu osalipira munthu. Ndipo tinali ndi Zakeyu. Zakeyu ndi wothyola tiyi, komanso ndi mlamu wanga, mlongo wake wamng'ono wa mkazi wanga Rhoda. Phazi lake ndi lotambalala ngati khasu, zala zake zimakhala motalikirana ngati abale oyambana. Koma phazi limenelo likafika pampira, goloboyi amayamba kukumbukira ana ake.

Tsono kunabwera a malonda. Kampani ya polishi inalengeza kuti ipereka majezi ndi jombo kwa timu iliyonse ya m'maesiteti imene ingapemphe mwaulemu. Taganizani, Aphungu, kugulitsa polishi kwa anthu opanda nsapato! Ndiye kuti ayambe awaveka nsapatozo kuti njala ya polishi iwagwire. Dyera limeneli ine ndinaliona, komabe kalata yopempha ndinalemba ndine, poti Chingerezi chotero palibe wina pano angachithe. Inali ya masamba atatu, ndipo munali Chilatini m'malo awiri.

Anatiyankha ndi malamulo. Timu isinthe dzina, tizitchedwa Mphezi Rovers. Bwalo litchingidwe ndi ziguduli, wolowa apereke ndalama ya tiki. Ndipo wosewera aliyense avale jombo kuyambira wezulo woyamba mpaka womaliza, chifukwa kudzabwera wojambula zithunzi.

Loweruka linafika, tikukumana ndi adani athu a kalekale, a esiteti ya Nansongole. Kampani inatumiza a Stafford, bambo wa tayi wofiira amene sadziwa kusiyana kwa penate ndi kona. Anabwera ndi galimoto ya chimkuzamawu imene inaimba nyimbo ya polishi mpaka agalu a kumalayini, kunyumba za antchito, anathawira m'tiyi. Nthawi yopuma inatalika ngati ulaliki wa pa Khirisimasi, kuti a Stafford apukute nsapato patebulo pakati pa bwalo ife tikuombera m'manja. Umenewu ndiye mpira wachitukuko.

Zakeyu ankayenda ngati nkhuku yomangidwa miyendo. Pa nthawi yopumayo ndinamumva akudandaulira a Stafford kuti, "Bwana, ndivuleko pang'ono, zala zikufa." Iwo anati, "Ukangovula, majezi onse tinyamula lero lomwe. Ife timagulitsa polishi, sitigulitsa mapazi."

Kutatsala pang'ono kuti masewero athe, zigoli zili chimodzi kwa chimodzi, tinapatsidwa penate. Bwalo lonse linakuwa dzina la Zakeyu. Anathamanga motsimphina, anamenya, ndipo mpira unakwawa ngati khanda. Goloboyi wa Nansongole anautola ndi dzanja limodzi, linalo akutibayibitsa nalo. Anauponya kutsogolo, anzake n'kukagoletsa. Ine ndinamenyetsa chipewa pansi monga achitira munthu aliyense wophunzira, ndipo a Nansongole anavina pamwamba pake.

Jombo za Zakeyu tinachita kuzing'amba ndi mpeni. Zikhadabo ziwiri zinatsalira m'katimo. Lero sangakwere mtunda ndi dengu, akungokhala pakhomo, ana a kumalayini akumamuitana kuti "Polishi".

Nanga nyuzipepala yanu inatani? Masewero onse munawapatsa mizere isanu, womaliza wake wakuti, "Zikuoneka kuti Zakeyu watha." Pambali pake munaika theka la tsamba la malonda, chithunzi cha Zakeyu mano ali pamtunda, pansi pake mawu akuti, "Katswiri amamwetulira jombo zikawala ndi Mphezi." Aphungu, kumene kuja sikunali kumwetulira. Munthu ankakukuta mano ndi ululu, inu n'kugulitsira polishi ululu wakewo!

Pali kankhani kena kakang'ono kamene ndingokatchula podutsa. Kampani ija inafunsa manambala a jombo. Anyamatawa sanavalepo nsapato chibadwire, nambala akanaidziwira kuti? Anachita zimene aliyense amachita potuma munthu kusitolo ku Limbe: aliyense anadula kabango kolingana ndi phazi lake, n'kukalemba zizindikiro zake ndi mpeni. Anandibweretsera timabango khumi ndi kamodzi tomanga ndi luzi. Tsono ine ndiike mtolo wa bango m'phukusi limodzi ndi Chilatini, kuti makalaliki a ku Limbe akatiseke? Ndinayang'ana phazi langa, limene ndi nambala 8, phazi la munthu wapakatikati, ndipo ndinalemba 8 kwa onse. Khumi zinawakwana mwa apo ndi apo, ena atachita kutsendera mapepala a nyuzi yanu kunsonga, ndipo ndi tsiku lokhalo limene nyuziyi inathandizapo mpira. Mtolo uja ndinauponya pamwamba pa kabati, kuseri kwa madikishonale.

Chovuta n'chakuti Zakeyu akuganiza kuti analakwitsa ndi iyeyo. Nditapita kukamuona anandiuza kuti, "Alamu, ndakuchititsani manyazi. Inu munalemba bwinobwino, koma ine ndi umbuli wangawu ndinadula bango lalifupi." Ine ndinangotsokomola. Tsopano akuti Lachiwiri loyamba la mwezi wamawa akwera sitima pa Luchenza kupita ku Halale, chifukwa sangakhale kumene ana akumuimba nyimbo.

Dzana Rhoda anaupeza mtolowo akusesa akangaude. Anasolola kabango kotalika kuposa tonse, anakagoneka pambali pa nsapato yanga, n'kundifunsa kuti, "Bambo a Dixon, ku Fort Hare kuja sankaphunzitsako kuyeza?" Ndinayamba kumufotokozera za kuipa kwa malonda m'masewero. Anandidula: "Mumuuza nokha, kapena ndimuuze ine? Koma ndikamuuza ine, ndinyamuka naye limodzi mpaka kwathu ku Goliati, ndipo ndikatsala komweko." Kuyambira pamenepo kabangoko kakumakhala patebulo nthawi iliyonse ya chakudya, pamalo pa supuni yanga.

Ndiye ndithandizeni, mkazi wotere ndimukhazike mtima pansi bwanji, kuti aone kuti wolakwa weniweni ndi malonda? Ndipo muuze mkonzi wanu kuti ndikufuna chipukutamisozi. Andigulire chipewa china ku East London komweko, chogulidwa m'chaka cha 1951 chomwecho. Iyeyo ndi a Stafford ayende wapansi kuchokera ku Limbe kufika pa boma la Thyolo atavala jombo za nambala 5, akuimba nyimbo ya polishi. Ndipo kwa chaka chathunthu, theka la tsamba lija lizikhala ndi chithunzi cha malemu chipewa changa.

D. M., B.A.
Thyolo

A D. M.,

Pepani ndi maliro a chipewa. Chinagwira ntchito yake, chipume.

Za malonda mwanena zoona. Inenso chithunzi chija chinandinyansa, ndipo ndamuonetsa mkonzi kalata yanu. Wavomera kuti amene analemba zoti Zakeyu watha sanali pabwalo, anangomvera kwa dalaivala wa galimoto ya polishi. Akuti mawuwo awabweza ngati inu mutumiza zoona zake, zosainidwa ndi dzina lanu lonse, osati zilembo ziwiri ndi digiri.

Koma tiyeni tikambe zimene mwalembera kalatayi. Chipewa mwachilira ndime zambirimbiri, timabango mwatitchula "podutsa". Ine ndaima pomwe inu mwadutsapo. Anyamata aja anayeza bwino. Analibe nambala, koma anali ndi muyeso, ndipo anaupereka kwa inu chifukwa amakukhulupirirani. Inu munaopa kusekedwa ndi makalaliki awiri atatu a ku Limbe amene sakudziwani n'komwe, ndiye mwapereka mlamu wanu kuti asekedwe ndi anthu mazana asanu amene amakumana nawo tsiku ndi tsiku. A Stafford anamuletsa kuvula jombo, inde. Koma 8 uja analemba ndani? Ndipo mnyamatayo atapepesa kwa inu pa mlandu wanu womwe, inu munatsokomola. Chifuwa chimenecho ndicho chandikwiyitsa kuposa zonse.

Lero lomwe, tengani kabango kaja ndi jombo yong'ambika ija, mupite nokha kumalayini. Musatume Rhoda, musalembe kalata, ndikukudziwani. Mukagoneke ziwirizo pansi pamaso pa Zakeyu kuti aone yekha kuti bango lake silinali lalifupi, ndipo mukanene m'Chinyanja chomveka kuti, "Alamu, ndinalakwa ndine." Chilatini mukachisiye pakabati.

Mukatero mukabwereze mawu omwewo pamaso pa timu yonse, pabwalo pomwe paja. Manyazi anamugwera pagulu, achotsedwenso pagulu. Ndinu mphunzitsi wamkulu, ana amene akumuitana kuti "Polishi" ndi a sukulu yanu. Lolemba m'mawa muwauze nkhani yonse. Adzakusekani inuyo sabata imodzi, ndipo simudzafa nazo.

Zala zakezo mupite nazo kuchipatala cha pa esiteti zisanatukusire, ndipo mulankhule ndi kapitawo wake kuti amupatse ntchito ya pansi mpaka zitapola. Chingerezi chanu chija chigwireko ntchito pamenepo. Kenaka lemberani kampani tsamba limodzi lokha, muikemo timabango tonse khumi ndi kamodzi. Atumize jombo zokwana, kapena alole wofuna kusewera wopanda nsapato asewere. Akakana, abwezereni majezi awo, mugwetse ziguduli, timu itengenso dzina lake. Munkagoletsa musanawale.

Za kukhazika Rhoda mtima pansi, sindikuthandizani. M'nyumba mwanumo ndi yekhayo amene wayeza nkhaniyi molondola.

Chenjerani ndi masiku. Zakeyu akamva kwa mlongo wake, kupepesa kwanu kudzakhala kwa munthu wogwidwa, ndipo sikudzabweza aliyense pa Luchenza kapena ku Goliati. Mudzatsala nokha ndi madikishonale. N'kutheka kuti ngakhale mutamuuza nokha akwiya, mwina sakulankhulani mwezi wonse. Lolani. Bola akwiye ali ku Thyolo akudziwa kuti phazi lake lilibe mlandu, kusiyana n'kuti akakalambire ku Halale akudziyesa mbuli.

Chipukutamisozi mkonzi wakana, akuti sitima yopita ku 1951 inasiya kuyenda. Ndipo musathamangire kugula chipewa china. Kumene mukupita leroku, mukanayenera kuchivula ndithu.

Aphungu