Bambo asiya kuonera filimu ya munthu wouluka

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Mitundu tilipo, koma bambo thupi likunka likutha chimwalirireni mayi.

Chimene chinkawasangalatsabe pa TV munatumiza ija ndi filimu ya mwamuna wamphamvu zodabwitsa, wouluka n'kumapulumutsa anthu. Sabata yatha mkazi wa mwamunayo anafa, ndipo bambo analira naye limodzi. Anati, "Tsopano wakula ameneyu, waona zimene taona enafe."

Dzulo kunabwera gawo lotsatira. Mwamuna uja anangomugwira mkaziyo pachifuwa, iye n'kudzuka akuseka ngati palibe chachitika. Pamenepo bambo anati, "Esinati, zimitsa. Ine amako ndinawagwira dzanja kuchipatala kuja mpaka linazizira, sanadzuke. Munthu woti sataya kanthu ndimumvere chisoni chanji?"

Lero sanadye. Azakhali a ku Nathenje abwera kudzawachezetsa, koma bambo akungoyang'ana pansi.

Chonde muwaimbire foni Lamulungu. Mukapeza mpata bwerani, musadikire kuti tichite kukuitanani ndi uthenga woipa.

Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati