Fupa la pamphumi pa Yohane

Lachinayi, Novembala. Kutentha, mvula osabwera, mtima wanga wolemera.

Ndabwerako kumakuponi a feteleza chimanjamanja. Ndapeza Yohane, mwana wanga uja wabwera kuchokera ku Joni, akuthirira nazale ya fodya, ndipo wayambanso nkhani yake ija. Akuti Mulungu kulibe, mzimu kulibe. Akuti tinapangidwa ndi anthu a dziko lina la kunyenyezi, ngati momwe amapangira mbewu ya haibulidi, ndipo adzabwera pa chombo chouluka tikawamangira nyumba yofikira.

Zimenezo ndinazizolowera. Koma lero watula kheni pansi n'kunena mofatsa kuti, "Amayi, ndikadzamwalira mudzauze adokotala adule kafupa pamphumi pangapa, mudzatumize kwa anzanga okhulupirira zomwezi. Otilengawo adzandipanganso ndi kafupako."

Ndati, "Iwe, ine ndi woti ndidzaike iwe m'manda? Chonsecho mutu uli wobooka?" Wangomwetulira.

Samwa, sasuta, amandilemekeza. Nanga abusa ndikawauze kuti walakwa chiyani?

Mphumi imeneyi ndinkaisisita ali khanda, malungo atamugwira. Pakudya ndimangoiyang'ana. Wandifunsa ngati ndalonjeza. Mawa afunsanso.