Wailesi ya Che Bakali Yatsala pa Tebulo

Kwa mayi Naima Osmani, ana ndi abale onse, komanso anthu a m'boma la Mangochi:

Ife a Bungwe la Amisiri Olumikiza Intaneti ku Mangochi tadzidzimuka ndiponso tasweka mtima ndi imfa ya Che Bakali Osmani, mlangizi wathu wa zaluso, amene adatisiya m'mawa wa Lachiwiri atadwala masiku atatu okha. Kufikira lero mitima ikukana kuvomera, ndipo njinga yamoto ikaima pakhomo pa ofesi timadzuka poganiza kuti afika.

Kwa zaka khumi ndi zisanu Che Bakali adalumikiza intaneti m'sukulu, m'masitolo ndi m'malo ogona alendo, kuyambira ku Makokola mpaka ku Malindi, ndipo ambiri a ife tidaphunzira ntchito m'manja mwawo. Iwo ndiwo adatiphunzitsa kuti rauta, kabokosi kogawa intaneti, kapena chaja yosavomerezeka imatulutsa mafunde amene amasokoneza mawailesi ndi makanema a anthu oyandikana nayo, komanso kuti malamulo oletsa zimenezi adaikidwa pofuna kuteteza munthu amene alibe intaneti koma ali ndi wailesi.

Phunziroli iwo adalipeza mowawa, ndipo sadalibise. Adakali achinyamata pantchito adaika zipangizo zotchipa m'sitolo ina ku Namwera. Kuseri kwa sitoloyo kunkakhala mayi Ajira, gogo wopanda foni, amene wailesi yawo idayamba kungolira ngati usipa m'mafuta otentha. Sabata yomweyo mchemwali wawo adamwalira ku Malindi. Uthenga wa maliro udaulutsidwa pa wailesi kawiri m'mawa, koma mayi Ajira sadamve kanthu. Ndipo popeza mwa Chisilamu maliro sagonera, adafika dothi litauma kale. Che Bakali atadziwa kuti zipangizo zawo ndizo zidasokoneza wailesiyo adakazula zonse adaikazo, nakagwada pakhonde pa mayiwo.

"Che Bakali, wailesi mwakonza, zikomo," adatero mayi Ajira. "Nanga nkhope ya m'bale wanga ndikaionera kuti?"

Kuyambira tsikulo sankachoka pantchito iliyonse asanazungulire nyumba zonse zoyandikana, kawailesi kakale kali kukhutu. Tivomere poyera kuti tinkanyinyirika, pena n'kumawaseka kuti ndi asing'anga oombeza mawaya, pakuti ntchito ya ola limodzi inkatha dzuwa litapendeka. Iwo ankangoti, "Anyamata, intaneti ya bwana isatseke makutu a mmphawi." Lero tikulakalaka atatichedwetsanso, ngakhale kamodzi kokha.

Lachiwiri lomwelo uthenga wa imfa yawo udaulutsidwa nthawi ya seveni, ndipo adayenera kuikidwa ikatha swala, pemphero la masana. Nkhawa yathu inali yoti akutali sakwanitsa kufika. Koma jeneza lonyamula thupi lawo lisanatuluke, minibasi ya ku Namwera idaima pamsewu, ndipo mwa otsikawo munali mayi Ajira, akuyenda ndi ndodo. Atapepesa kwa mayi Naima, amayi a nyumba, adaitanitsa mmodzi wa ife.

"Mukawauze anzanu kuti ndamva ndekha," adatero. "Dzina lonse, mudzi ndi nthawi yomwe. Wailesi sinalire ngakhale pang'ono."

M'malo mwa mamembala onse, tikupepesa kwa inu mayi Naima, ana ndi abale, popempha Mulungu kuti akulimbitseni mitima m'masiku ovutawa, ndi kuti awalandire Che Bakali mwa chifundo Chake. Kawailesi kawo kali pa tebulo la mu ofesi pomwe adakasiya, ndipo tikupempha chilolezo chanu kuti tikasunge, pakuti tagwirizana kuti palibe mmisiri wa bungwe lino amene adzapite kuntchito osakanyamula.

Zakia Swadick
Wapampando