Tiyi wanu wofiira uja

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno amayi mwendo ukuwavutabe, enafe tilipo.

Tiyi munatumiza uja wandiika m'mavuto. Zaka zonsezi ndakhala ndikuthyola tiyi kuesiteti, koma wotere sindinamuonepo: timitengo tofiira, fungo ngati udzu wouma. Nditawaphikira alamu anu, anangonunkhiza n'kukankha kapu, ati ndawathirira kondaine. Pano abwerera kwawo ku Chonde. Wotsalayo ndinakaonetsa bambo wina wolawa tiyi kufakitale. Anaseka, akuti si tiyi n'komwe, ndi chitsamba cha kumeneko.

Munthu n'kutumiza tiyi ku Mulanje, wabodzanso? Muwaimbire alamu anuwo lero lomwe, muwafotokozere nokha. Mulungu akusungeni, koma banjali likatha, mudziwe kuti mwalithetsa ndinu, nkhoswe yanga yomwe.

Ine mlongo wanu,
Esinati