Chipsera cha Kizito

Chinsapo, Lilongwe
12 Ogasiti 2007

Okondedwa alamu anga a Magret,

Kalata ino yafikira inu, koma mwini wake ndi a Leston, alongo anu, amene anandivula ulemu pa maliro a mwana wanga Kizito zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Koma ndiyambe ndafunsa za moyo. Muli bwanji kumudziko? Nanga mwendo uja unaphwa? Ine ndilipo, kungoti maso achita chifunga, ndipo mpweya ukumandithera ndikakwera kamtunda ka kumsika.

Nkhani mukuidziwa, koma ndiilembabe kuti ikhale papepala. Kizito anapereka impso yake imodzi kwa mlongo wake Vaileti ku chipatala cha ku Joni, mwa kufuna kwake. Chaka chotsatira anafa pa ngozi ya minibasi. Adzukulu posambitsa mtembo anaona chipsera chachitali m'nthiti. A Leston sanafunse munthu. Anaimirira pamaso pa anamalira n'kunena kuti ine ndinagulitsa chiwalo cha mwana kuti ndikhwime, ndipo Vaileti anadya mlongo wake. Monga eni mbumba, analamula kuti Vaileti asadzapondenso pamudzipo, wamoyo kapena wakufa. Chumacho chili kuti? Ndikukhalabe m'nyumba ya lendi yodontha.

Kuno kuli kagulu ka anthu oikidwa impso ndi abale awo. Timakumana Loweruka loyamba la mwezi m'kalasi ina ku Biwi, anthu osakwana khumi. Vaileti ndiye anandikokera kumeneko. Ndinkakana, poti zolira pagulu si zanga. Amakumbutsana za mapiritsi, amauzana kumene akupezeka akasowa, wina akagonekedwa amakamuona.

Mwezi watha ndinafotokoza za Kizito koyamba. Kenaka a Hamisi, telala wa ku Kawale amene anapatsa akazi awo impso, anakweza malaya. Alamu, chipsera chake chomwechija, mbali yomweyo, kutalika komweko. Ndinaona mwana wanga atagona pamphasa paja, anthu akunong'onezana. A Hamisi anayesa kundiseketsa, amvekere dokotala amene anawasoka akanabwera kwa iwo kudzaphunzira ntchito. Anthu anaseka, ine ndinatuluka panja.

Kizito sandichoka. Vaileti akagwira pamimba pamene pali impsoyo, ndimaona ngati akusisita mlongo wake. Anzathu a m'gulu amati chiwalo ndi chiwalo basi, sichinyamula mzimu. Mwina akunena zoona, iwo anaphunzira. Koma ine ndikudziwa kuti kumudziko tinaika munthu wosakwanira, ndipo chotsala chake chimadya nane mbale imodzi kuno ku Chinsapo.

Tsopano impsoyo yayamba kutopa. Vaileti miyendo yatupa, ndipo madokotala anena kuti abwerere pa makina otsuka magazi aja. Dzana, akuchapa, anandifunsa kumene tidzamuike. Mayi ake, akulu anu, agona kumudziko. Kizito wagona kumeneko. Iye yekha akagone pakati pa alendo m'tauni muno?

A Hamisi anena kuti ali okonzeka kubwera kumudziko kudzavula malaya pamaso pa a Leston ndi adzukulu aja, ngati ndi maso amene akufuna umboni.

Mundiperekere moni kwa amuna anu, kwa ana ndi zidzukulu zonse, ndi kwa azakhali ngati akumvabe. A Leston musawapatse moni wanga. Muwawerengere kalata ino yonse, osadumpha mzere.

Sindikufuna kuti andipepese, ulemu wanga adye okha. Chimene ndikufuna ndisanatseke maso ndi chimodzi: apite kumanda ndi anthu awiri, akhome chikhomo pambali pa Kizito, anene ndi pakamwa pawo kuti malowo ndi a Vaileti. Tsiku la Vaileti likadzakwana, Kizito wanga adzagone yense malo amodzi.

Ndine mlamu wanu,
Malizani Kaphuka