Zofunda za Achimwene

Lolemba, 12 Febuluwale 2007

Mvula chiyambire m'mawa, Kawale yense matope. Masana kwabwera alamu, akazi a achimwene a Goodwin. Zaka zinayi osaponda pakhomo pano. Akuti achimwene anagwa kuntchito mwezi watha. Sitiroko. Mbali yakumanja yafa, pakamwa papindika. Kuchipatala awatulutsa, ndipo nyumba yawo ya ku Mtsiliza khoma lagwa ndi mvulayi. Ati ndiwasunge masiku ochepa. Ine! Tiyi ndawapatsa poti ndinaleredwa. Koma yankho sindinawapatse.

Lachitatu, 14 Febuluwale

Anthu amaiwala msanga. Mayi ndinawadwazika ndekha m'nyumba muno zaka ziwiri, kuwasambitsa, kuwatembenuza. A Goodwin anabwera ndi galimoto ine ndili kumsika, n'kuwatengera kumudzi ku Dedza, ati ndikuwapha ndi njala. Sabata isanathe mayi anamwalira. Anaika maliro osandiuza. Ndinamvera mu minibasi, kwa mayi wina wogulitsa kachewere amene anayamba kundipepesa. Lero munthu yemweyo akufuna mkeka kwa ine.

Amuna anga, bambo a Thandie, angoti, "Ndi alongo anu, ganizani nokha." Kuganiza ndekha, kuchapanso ndidzachapa ndekha.

Lachinayi, 15 Febuluwale

Ku Mvano phunziro linali la kukhutira ndi zomwe tili nazo, ndi kuyamika m'zonse. Nkhani yanga inafika kale, sindikudziwa ndi ndani. Potuluka amayi busa anandigwira dzanja, ati Mkhristu sasunga mangawa. N'zoona. Koma kukhululukira munthu amene sanakulakwire iwe n'kosavuta. Mpingo wonse wawakhululukira kale a Goodwin m'malo mwanga.

Lamulungu, 18 Febuluwale

Abwera nawo osadikira yankho, pa pikapu, atawagoneka pa matiresi. Tinali tikuchokera kutchalitchi, anthu m'makonde maso onse kuno. Ndikanawabweza bwanji? Alamu sanakhale n'komwe pansi, ati akukasiya ana kwawo ku Ntcheu, abwerera Lachisanu.

Achimwene aonda. Chimunthu chija chinkadzaza chitseko. Anandiyang'ana, misozi kutsika tsaya limodzi. Ine ndinayang'ana kumbali. Ndawagoneka m'chipinda cha mayi, china kulibe.

Lachiwiri, 27 Febuluwale

Lachisanu lija linapita. Foni ya alamu yozima.

Zofunda kuchapa m'mawa uliwonse, dzuwa kulibe, nyumba fungo lokhalokha. Benchi langa la kaunjika kumsika langokhala. Amayi a Mvano anabwera dzulo, anaimba, anapemphera, anamwa tiyi, anapita. Amene amandithandiza kunyamula achimwene ndi Asiyatu wa nyumba yoyandikana nafe, Msilamu, ndipo sanandilalikirepo ngakhale kamodzi.

Lero powamwetsa phala achimwene ndawauza zonse. Za mayi, za njala ija, za mu minibasi. Ndinafunsa kuti ndinawalakwira chiyani. Mawu amene anawatsalira ndi amodzi okha, "ayi". Ukawafunsa ngati akhuta, ayi. Ngati akufuna lina, ayi. Ndiye ine kulira, iwo ayi, ayi, phala likuchucha pachibwano. Zaka zinayi ndikukonzekera mlandu umenewu, Mulungu n'kundibweretsera munthu wosatha kuyankha. Ngakhale kupepesa sangathe. Ndinawapukuta pakamwa n'kutuluka.

Lamulungu, 11 Malichi

Mgonero. Sindinadye. Ndinakhala kumbuyo manja pamwendo, mayi wina akundiyang'ana cham'mbali. Ayang'ane. Bola kukhala kusiyana n'kunamiza Mulungu patebulo pake.

Abusa anati aliyense atchule mumtima chimene akuyamika. Ndinafunafuna. Chimene ndinapeza ndi manja angawa, onse awiri akugwira, ndimadzisambitsa ndekha, ndimapita ndekha kuchimbudzi. Bambo a Thandie nawonso, sayankhula zambiri koma Loweruka anawameta ndevu alamu awo osatumidwa. Ndayamika, inde, koma mokwiya. Kaya kuyamika kotere kumafika kumwamba.

Madzulo ndapeza achimwene sanakhudze chakudya. Asiyatu akuti tsiku lonse maso anali kuchitseko.

Lachiwiri, 20 Malichi

Dzuwa latuluka. Ndinathamangira kumsika m'mawa kukaona ngati benchi langa lilipo. Pobwera, chitseko chili pululu, pamkeka palibe munthu. Ndinazungulira kuseri.

Anali pansi pampopi. Adzikwawitsa kuchokera kuchipinda, mawondo onse osupuka, bulangete akulikoka ndi mano. Analiika m'beseni, akulifikisa ndi dzanja lamanzere lija, sopo atagwera m'matope. Silinayere n'pang'ono pomwe. Anangowonjezera ntchito.

Ndinakalipa mpaka Asiyatu anasuzumira pampanda. Ndinati mukufuna mufere pano anthu adzati Veronica wapha winanso? Achimwene anandiyang'ana, n'kukankhira beseni kumbali kuti ndisalitenge. Kulimbirana beseni, anthu akuluakulu, mpaka madzi onse anatikhuthukira. Anaseka ndi pakamwa pawo popindikapo. Nanenso, sindikudziwa zinachoka kuti, ndinaseka mpaka kukhala pansi m'matope momwemo.

Ndinawabereka kumsana kulowa nawo m'nyumba. Opepuka ngati mwana. Ali kumsanako anayika chipumi paphewa panga, ndipo ndinamva malaya akunyowa. Ndinawagoneka pamkeka.

Sindikudziwa ngati uku ndiye kukhululuka. Za mayi zikundiwawabe, alamu akadzabwera adzandimva. Koma mabala a m'mawondo ndawatsuka ndi madzi amchere, ndipo potsukapo ndinapezeka ndikuwauzira kuti asamve kuwawa.

Mawa ndikagule beseni lina laling'ono. Ngati akufuna kuchapa, azichapa mipango, atakhala pampando.