Tayala la pista kapena la msewu wa ku Chidzolomondo?

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 31, ndimakhala ku Tsangano ndipo ntchito yanga ndi kuyendera alimi a mbatata ya kachewere ngati mlangizi. Nkhani yanga ena aiseka poti ndi ya matayala, koma kunyumba kwathu yafika poti ine ndi amuna anga tikudya osayang'anana.

Magalimoto ndinayamba kuwakonda ndili mwana. Malemu bambo anga ankayendetsa lole ya kachewere kupita ku Tete, ndipo sukulu ikatsekera ankandikhazika pambali pawo n'kumandiuza chifukwa chomwe asinthira giya pano osati apo. Chaka chatha ndinagula kagalimoto kanga, ka Swift Sport kofiira, kaja ka chitseko chakumbuyo chotsegukira m'mwamba. Mwini wake woyamba anali wa mumzinda. Anakaveka majanti aakulu a 17, zitsulo zija tayala limavalapo, ndi matayala opyapyala olembedwa 215/40 R17. Sindibisa, majantiwo ndi amene anandikopa.

Mu Marso achimwene anga a Élio, amene amakhala ku Tete, ananditengera ku gulu la anzawo okonda magalimoto. Iwowo amabwereka bwalo lalikulu la phula, amalitseka, amaika zizindikiro zokhotera, ndipo aliyense amazungulira yekhayekha wina atagwira wotchi. Amati pista. Anandibwereka chipewa cholimba chija n'kundiuza kuti ndiyese. Pa anthu khumi ndi mmodzi ndinakhala wachinayi, mkazi ndili ndekha. Andiitananso mu Agosto.

Vuto linabwera mu Mayo. Ndinapita ku Chidzolomondo kukatenga apongozi anga, mayi Bertina, kuti ndiwaperekeze ku chipatala cha ku Furancungo komwe amalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Mvula inali itatha koma inasiya msewu uli ngalande zokhazokha. Ndinkayenda pang'onopang'ono, Mulungu ndi mboni yanga. Tili pa ulendo wa ku chipatala, potsika kamtsetse kena ndinagunda mwala umene unabisala m'fumbi. Nditatsika ndinapeza janti lakutsogolo lapindika mlomo, mpweya wonse watha, ndipo tayala lakumbuyo mbali yomweyo lang'ambika m'mbali. Lapadera ndinali nalo limodzi lokha.

Tinakhala pansi pa mtengo maola awiri mpaka panadutsa njinga yamoto. Apongozi anga, a zaka 68, anakwera imeneyo, ndipo anakafika anthu ogawa mankhwala ataweruka. Ine ndinkalira ndi manyazi. Koma iwo pokwera njingayo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amake Tamara, galimotoyi ilibe mlandu. Mwaiveka nsapato za ku tchalitchi popita kudimba." Pambuyo pake atamva za pista, anangofunsa ngati kumakhala pokhala anthu oonerera.

Amuna anga a Faustino, amene ndi mphunzitsi, sanandikalipire. Patapita sabata yathunthu anati tigulitse kagalimotoka tipeze pikapu yakale, ndipo za pista ndiiwale. Nditawakakamiza kuti andiuze chifukwa, anati, "Tsiku lija foni italira, ndinkaganiza kuti andiuza za maliro awiri." Ndinangowapempha kuti andipatse mpaka Agosto, ndikonze za matayala, ndiwaonetse kuti kagalimotoka kangathe kugwira ntchito zonse ziwiri. Anavomera ndi mutu wokha.

Tsono apa ndi pamene ndasokonezeka. A Élio akuti ndisabwerere m'mbuyo, ndigule matayala otambalala kwambiri, 225/45 R17, chifukwa pa pista tayala lalikulu ndilo limagwira. A Abílio, makaniko wa ku Furancungo amene anabwera kudzandipulumutsa tsiku lija, akuti nditaye zonsezo ndiike majanti a 14 ndi matayala aatali ngati a magalimoto onyamula anthu. Iwowa anawongola janti lija ndi hamala, tayala long'ambika lija n'kuliika chigamba mkati, ndipo mpaka lero ndikuyendera omwewo.

Aphungu, kodi lilipo tayala limodzi loti lindifikitse kwa apongozi anga komanso lisandichititse manyazi pa pista? Kapena amuna anga akunena zoona, ndikufuna kukwera njinga ziwiri ndi thako limodzi?

Z. D., Tsangano


Mayi Z. D.,

Tisanapite patali, tayala la chigamba cha m'mbali lija lichotseni lero. Chigamba chimagwira pamene tayala limapondera pansi. M'mbali mumapindika nthawi iliyonse gudumu likazungulira, ndipo tsiku lina mudzaphulika popanda kukuchenjezani. Janti lowongola ndi hamala nalonso lakwanitsa ntchito yake yokufikitsani kunyumba, pa pista lisapite.

Tsopano tiwerenge manambala aja, chifukwa achimwene anu ndi makaniko wanu akukokerani uku ndi uku inu musanawamve. Pa 215/40 R17, nambala yoyamba ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri ikunena kuti khoma lake la m'mbali ndi magawo 40 pa 100 a kutambalalako, kutanthauza mamilimita 86 okha. Yomaliza ndi kukula kwa janti m'mainchesi. Mwala uja unapeza mphira wochepa chonchi pakati pa iwo ndi chitsulo, ndiye mukanayenda pang'onopang'ono bwanji, tsiku lake linali kubwera ndithu.

Tsegulani chitseko cha dalaivala muyang'ane kapepala komatidwa pa chipilala. Pamenepo palembedwa saizi imene opanga galimoto anaikapo. Pa mtundu wanuwo kawirikawiri pamakhala 195/50 R16, koma khulupirirani kapepalako kuposa ine. Lamulo lake ndi ili: janti mungalichepetse kapena kulikulitsa, koma gudumu lonse, kuyambira pansi mpaka pamwamba, lisasiyane ndi la fakitale kupitirira sentimita imodzi ndi theka. Mukapyola pamenepo singano ya liwiro imayamba kunama, ndipo tayala limakhula thupi la galimoto.

N'chifukwa chake la a Élio ndikulikana. 225/45 R17 ndi lalitali kuposa la fakitale ndi masentimita atatu, lidzakhula mukakhota kwambiri kapena mukanyamula anthu kumbuyo, ndipo ndi lolemera. Injini ya kagalimoto kanu ndi yaing'ono, mphamvu yake ndi kupepuka. Mukakaveka nsapato zolemera kadzachedwa kunyamuka pa ngodya iliyonse, ndipo pista ya zizindikiro imene mwafotokozayo ndi ngodya zokhazokha. La a Abílio nalonso ayi. Maganizo awo ndi abwino, akufuna mphira wambiri, koma janti la 14 pa galimoto yotere nthawi zambiri silikwana pamwamba pa mabuleki akutsogolo, ndipo tayala lalitali kwambiri limagwedera pokhota ngati munthu wovala nsapato za mkulu wake.

Ine ndikanakhala inu ndikanafuna majanti a 15 ndi matayala a 195/55 R15. Khoma lake ndi mamilimita 107, ndiye mwawonjezera masentimita awiri a mphira pakati pa mwala ndi chitsulo, pamene gudumu lonse latsala pafupifupi msinkhu wa la fakitale. Ndi lopepuka, limapezeka mosavuta, ndipo pa pista silidzakuchititsani manyazi. Koma musagule janti la 15 musanaliyese. Limangeni kutsogolo, galimoto ili m'mwamba, mulizungulitse ndi dzanja, muone kuti silikhudza buleki paliponse, kenaka mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri. Likakhudza ngakhale pang'ono, bwererani ku 16 ndi saizi ya pa kapepala kaja, nkhani yatha. Majanti atatu abwino a 17 aja alipo anyamata a mumzinda amene angasinthane nanu mokondwa, a Élio akuthandizeni pamenepo.

Pogula, matayala onse anayi akhale a mtundu umodzi ndi saizi imodzi. Pambuyo pa saizi pamakhala nambala ndi chilembo, monga 85V, zonena katundu ndi liwiro limene tayalalo lingapirire, ndipo zisatsike kuposa za pa kapepala. Funaninso manambala anayi ozunguliridwa ndi kamzere, onena sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Tayala la zaka zisanu ndi chimodzi lisiyeni ngakhale mano ake akuoneka atsopano, mphira wake wauma. Gulaninso kachida koyezera mpweya kakhale m'galimoto. Pa pista tayala limatentha ndipo mpweya umakwera, choncho muziyeza mukangotsika, n'kufunsa akale a pagululo kuti iwo amasiya pati.

Za kukhala wachinayi zija, musaganize kuti anakupatsani ndi majanti. Munthu wongoyamba amapeza nthawi yabwino ndi maso, manja ndi phazi la buleki. Chaka chino phunzirani pa matayala omwewo a tsiku ndi tsiku. Mukadzaona kuti mwakhazikika, mudzafune magudumu ena anayi a pista yokha, muzipinda mipando yakumbuyo n'kuwanyamula mpaka ku Tete. Ubwino wa galimoto ya chitseko chakumbuyo ndi umenewo.

Tsono za a Faustino. Amuna anu sakukangana ndi matayala, anachita mantha, ndipo munthu wamantha simumugonjetsa ndi manambala. Komanso pena akunena zoona. Tayala lililonse limene mungaike, kagalimoto kanu n'kafupi, mimba yake ili pafupi ndi nthaka, ndipo sikadzasanduka pikapu. Auzeni nokha, asanakufunseni, kuti miyezi ya mvula ndi pamene msewu usanakonzedwe, ku Chidzolomondo muzipita pa chapa, minibasi ija yonyamula anthu, kapena pa galimoto yaitali yobwereka. Auzeninso kuti liwiro lanu lidzathera pa bwalo lotsekedwa, osati m'misewu ya ku Tsangano momwe mumadutsa ana a sukulu, ng'ombe ndi njinga zosenza matumba. Lonjezo limeneli mulisunge ngakhale pamene palibe wokuonani. Pokayesa majanti muwatenge a Faustino, agwire okha tayala latsopanolo ayerekeze ndi lakale. Mu Agosto apite nanu ku Tete akaone ndi maso awo kuti mumathamanga mmodzimmodzi, mutavala chipewa, popanda galimoto yobwera kutsogolo. Anakupatsani mpaka Agosto pamene akanatha kukana pomwepo. Mwamuna amene watseka khomo sachita zimenezo.

Chenjezo langa lomaliza ndi laling'ono koma ndi limene anthu amaliiwala akasangalala ndi magudumu atsopano. Manati onse a gudumu amangidwe mopingasa, inu mukuona, ndipo mukayenda makilomita makumi asanu muime muwayesenso. Pa zaka zanga za mumsewu ndinaonapo gudumu likupitirira galimoto yake pa mtsetse, dalaivala ali mkati akuliyang'ana n'kumadabwa kuti ndi la ndani. Inu mukafike ku Tete ndi onse anayi, ndipo mukathamange bwino.

Aphungu